Phazi ndi Chikombole: Mbiri ya Umisiri wa Nsapato ku Chipata

Nsapato imapangidwa m'njira ziwiri. M'njira yoyamba mmisiri amayamba waona phazi la munthu mmodzi, n'kuliyeza, ndipo nsapato imatsata phazilo. M'njira yachiwiri fakitale imasema chikombole chimodzi cha saizi iliyonse, n'kutulutsa nsapato zikwizikwi zofanana, ndipo phazi la wogula ndi limene limakakamizika kutsata nsapatoyo. Ku Chipata ndi m'maboma oyandikana nawo, monga Katete, Chadiza, Vubwi ndi Mambwe, njira ziwirizi zakhala zikupikisana kwa zaka zoposa 100. Ya fakitale inapambana pa mtengo, pa maonekedwe ndi pa ulemu. Komabe sinathe kumuchotsa pamalo wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo, chifukwa palibe chikombole chimene chingakwane mapazi a anthu onse. Ngakhale mapazi awiri a munthu mmodzi salingana ndendende.

Nthawi ya nkhwayira

Achewa, Ansenga ndi Akunda a derali, pamodzi ndi Angoni a Mpezeni amene anadzakhazikikamo cha m'ma 1870, ankayenda chosavala kuphazi masiku ambiri a moyo wawo. Sikunali kusauka ayi. Ndi mmene aliyense ankakhalira, mfumu ndi m'busa yemwe. Phazi loponda dothi kuyambira ubwana limakula mwa mtundu wake: khungu la pansi limakhuthala, zala zimatayana, ndipo kutsogolo kumatambalala kuposa kwa munthu wokulira mu nsapato. Dokotala wa ku America, Phil Hoffmann, anayeza mapazi a anthu osavala nsapato ochokera pakati pa Africa ndi ku Philippines, ndipo m'zimene anafalitsa mu 1905 anasonyeza kuti chala chawo chachikulu chimaima mowongoka, pomwe cha ovala nsapato zansonga chimapindikira kwa zinzake. Mavuto ambiri amene anadza ndi nsapato za m'sitolo gwero lake ndi kusiyana kumeneku.

Panali nyengo ndi maulendo ofuna chotchinga kuphazi. Mu Okutobala dothi la kuchigwa cha Luangwa limatentha moti munthu sangaime malo amodzi, ndipo tchire likapsa pamatsala ziputu zakuthwa zobisala m'phulusa. Alenje, amtengatenga ndi oyenda maulendo ataliatali ankavala nkhwayira. Mwini phazi ankaponda pa chikopa chokhuthala cha ng'ombe kapena cha njati, mnzake n'kulemba ndi khala kuzungulira phazilo, kenaka n'kudula ndi mpeni motsata mzerewo. Ankaboola pakati pa chala chachikulu ndi chinzake komanso m'mbali mwa chidendene, n'kulowetsamo zingwe za chikopa chofufutidwa bwino kuti zisapale khungu. Nkhwayira ya kumanja inkasiyana ndi ya kumanzere chifukwa iliyonse inkalembedwa pa phazi lake, pomwe ku Ulaya nsapato zambiri zinkapangidwabe pa chikombole chowongoka, chosasiyanitsa mbali, mpaka mkati mwa zaka za m'ma 1800. Vuto la nkhwayira linali mvula. Chikopa chosafufutidwa chikanyowa chimafewa n'kuterera, ndipo chikauma chimapindika n'kuuma gwa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunabwera mdani amene khungu lokhuthala silikanamuletsa. Matekenya kwawo ndi ku South America. Anafika pa doko la Ambriz ku Angola mu 1872 m'sitima yochokera ku Brazil, n'kufalikira ndi apaulendo mpaka kufika m'dera la nyanja ya Malawi m'zaka za m'ma 1890. Kachilombo kameneka kamakhala m'fumbi la m'nyumba ndi la m'makola, ndipo kakakazi kamalowa pansi pa chikhadabo kapena pakati pa zala. Nkhwayira, poti ndi yotsegula, siteteza mokwanira. Kuyambira pamenepo nsapato yotseka inakhala ndi phindu lenileni pa thanzi, ngakhale kuti ambiri anadzaifuna pa zifukwa zina.

Boma, msonkho ndi nsapato ya mtchona

Mu Januwale 1898 asilikali otsogozedwa ndi Angelezi, ochokera ku Nyasaland, anagonjetsa Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, kutanthauza kuti zikopa za zishango, zovala ndi nkhwayira zinachepanso. Chaka chotsatira boma la Fort Jameson linamangidwa pamene pali Chipata lero, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Posakhalitsa panadza msonkho wa nyumba wa mashereni 3 pachaka. Malo ambiri achonde anagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland ndi alimi achizungu a fodya, choncho amuna ankatuluka kukasaka ndalama ku Southern Rhodesia, m'migodi monga wa Shamva ndi wa Wankie, m'mafamu ndi mumzinda wa Salisbury. Ulendowo unali wapansi, wa masabata angapo, kudzera ku Tete kapena ku Feira, mpaka pamene boma la Southern Rhodesia linayamba kunyamula ofuna ntchito pa malole aulere m'zaka za m'ma 1930.

Mtchona wobwerera kuchokera ku ntchitozi ankayembekezeka kufika ndi sutukesi ya nsalu, bulangeti, chipewa, mwina njinga, ndi nsapato. Nsapatoyo inali umboni wakuti ulendo sunapite pachabe. Sinali yoyendera. Munthu ankaimanga zingwe n'kuikoleka paphewa, n'kuyenda chosavala mtunda wonse, ndipo akayandikira kutchalitchi kapena ku boma ankatsuka mapazi pamtsinje n'kuivala. Chizolowezi chimenechi ena amachitenga ngati umbuli, koma chinali ndi nzeru ziwiri. Soli inali yodula kuti ithere m'njira ya miyala, ndiponso nsapato yosemedwa pa chikombole cha phazi lopapatiza inkapweteka kwambiri phazi lotambalala. Matuza, zikhadabo zakuda ndi kutsimphina zinali mtengo wachiwiri umene wogula ankalipira.

Boma lachitsamunda nalo silinafulumire kuveka antchito ake akuda. Zithunzi za zaka zoyambirira zimaonetsa asilikali ndi amesenjala atavala yunifolomu yonse, chipewa ndi nsalu zokulunga m'miyendo, koma kuphazi kulibe kanthu. Zinasintha pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene gulu la Northern Rhodesia Regiment, lokhazikitsidwa mu 1933, linakamenya nkhondo ku Somaliland, ku Madagascar ndi ku Burma. Amuna ambiri a chigawo cha Kum'mawa anavala jombo koyamba m'gululi, ndipo obwerako anafika nazo kumudzi. Gulu lina loyambirira kuvala nsapato linali la aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki, ambiri a iwo ophunzira m'masukulu a mishoni monga a Dutch Reformed, amene anatsegula Magwero mu 1899 ndi Madzimoyo mu 1903.

Ogulitsa anali amalonda achimwenye ochokera ku Gujarat, amene anayamba kulowa m'tauniyi kudzera ku Nyasaland m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndipo masitolo a mbadwa zawo ndi amene ali ku Down Shops. Pakhonde la sitolo yotere pankakhala telala ndi makina ake, wosokera wogula nsalu pompopompo. Wosoka nsapato anapeza malo ake pakhonde lomwelo kapena pansi pa mtengo wapafupi. Ntchito yake yoyamba inali yokonza zong'ambika ndi yokulitsa zothina. Kupanga nsapato yathunthu kunkafuna chikopa chofufutidwa ku fakitale ndi zikombole zamatabwa, zinthu zimene ochepa okha ankazipeza.

Chiyambi cha saizi

Pamene izi zinkachitika, ku America ndi ku Ulaya umisiri wa nsapato unali utalowa kale m'makina. Mu 1858 Lyman Blake anapanga makina osokera soli ku chikopa cha pamwamba. Mu 1883 Jan Matzeliger, munthu wakuda wobadwira ku Suriname amene ankagwira ntchito mumzinda wa Lynn ku Massachusetts, analembetsa makina okokera chikopa pa chikombole, ntchito imene amisiri ankakhulupirira kuti dzanja lokha ndi limene lingaithe. Mmisiri waluso ankamaliza mapeyala pafupifupi 50 patsiku, pomwe makinawo ankafika mazana angapo. Mtengo unatsika ndipo osauka ambiri anavala. Umenewu ndi ubwino waukulu wa fakitale, ndipo suyenera kuchepetsedwa.

Kuti fakitale isokere munthu amene sinamuonepo, inafunika manambala. M'kawerengedwe ka Angelezi, kamene Zambia ndi Malawi anatengera, saizi imasiyana ndi inzake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a inchi, pafupifupi mamilimita 8.5. M'kawerengedwe ka maiko ena a ku Ulaya, ka manambala monga 40 ndi 42, kusiyanako ndi pafupifupi mamilimita 6.7. Nambala zonsezi zimanena za kutalika kokha. Sizinena kanthu za kutambalala kwa phazi, kukwera kwa msana wake, kapena kuchepa kwa chidendene. Mafakitale ena amapanga saizi imodzi m'mifupi ingapo, koma sitolo ya m'tauni yaing'ono siingasunge zonsezo. Wa phazi lotambalala ankangogula saizi yokulirapo kuti zala zipeze malo, ndipo nsapato inkatsala mpata kutsogolo n'kumavuka kumbuyo.

Kampani imene inafalitsa nsapato ya saizi m'maiko a kuno ndi Bata, yoyambitsidwa ndi Tomáš Baťa ndi abale ake mu 1894 mumzinda wa Zlín, umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Inatsegula fakitale ku Gwelo, kumene tsopano ndi Gweru, mu 1939. Ku Zambia inadzakhala ndi fakitale ku Lusaka, malo ofufutira zikopa ku Kafue, ndi masitolo m'matauni a m'zigawo. Nsapato zansalu zoyera, zakuda za kusukulu za Toughees ndi zachikopa chofewa za safari zinalowa m'nyumba za anthu wamba. Zotsika mtengo koposa zinali za pulasitiki, zimene anthu ankazitcha maliposa ndi sofiya. Izi sizisokedwa konse. Pulasitiki yosungunuka imathiridwa m'chikombole chachitsulo, ndipo zimatuluka zathunthu, zofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Siziopa madzi ndipo zimatsukika msanga, koma sizipuma, zimatentha padzuwa, ndipo sizizolowera phazi monga chimachitira chikopa. Ikang'ambika, mwini wake ankaika mpeni pamoto, n'kudula chigamba ku inzake yakutha, n'kumata posungunula.

M'midzi munabadwa njira yakeyake yogulira. Poti si onse ankapita ku tauni, kholo linkayeza phazi la mwana ndi kamtengo, kaudzu kapena luzi, n'kudula pa msinkhu wake, ndipo kusitolo linkalowetsa kamtengoko mu nsapato. Linkasankha yokhala ndi mpata waukulu kuti mwana akuliremo, mpatawo n'kutsekamo thonje kapena mapepala. Nsapato imodzi inkadutsa kwa ana atatu kapena anayi. Kamtengo kanali ndi vuto lomwe lija la nambala, loyeza kutalika kokha.

Nkhwayira ya tayala

Galimoto, imene inabweretsa nsapato za fakitale, inapatsanso moyo watsopano njira yakale ija. Msewu wa Great East, wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka, unayamba kuyendeka bwino mlatho woyamba wa pa Luangwa utamangidwa mu 1932, ndipo malole onyamula fodya, mtedza ndi katundu wa m'masitolo ankasiya matayala otha. Amisiri anaona kuti mphira ingalowe m'malo mwa chikopa cha njati. Kayezedwe sikanasinthe: wogula amaponda pa katoni kapena pa mphira yeniyeniyo, mmisiri n'kulemba kuzungulira phazi. Tayala limadulidwa ndi mpeni wonoledwa bwino, wonyowetsedwa m'madzi kuti uzitsetsereka, ndipo amalisenda mpaka kutsala mulingo wopindika pang'ono. Malamba amachokera ku mphira yopyapyala ya m'mbali mwa tayala kapena ku chubu, ndipo amawayesa pa phazi la mwini wake asanawakhomere. Wa msana wa phazi wokwera amamutalikitsira lamba, wa chala chotupa amamusunthira pena.

Nkhwayira yotereyi siopa minga, matope kapena dothi lotentha, ndipo imatha zaka. Alimi, abusa, oyendetsa ngolo ndi ootcha makala anaikonda. Koma m'tauni inanyozedwa kuti ndi ya amphawi, ndipo mwana wa sukulu ankalolera kuthinidwa ndi pulasitiki kusiyana ndi kuoneka nayo. Kunyozaku kunali kosalungama. Pa nsapato zonse zimene wosauka akanatha kugula, iyi yokha ndi imene inkapangidwa moyeza phazi lake, ndipo ndalama yake inkatsala kwa mmisiri wa pamalopo.

Chimene chinadzavutitsa umisiriwu ndi kusintha kwa matayala enieniwo. Akale anali ndi nsalu za ulusi mkati, zodulika ndi mpeni, ndipo ulusi womwewo, linya, unkasololedwa n'kukhala wosokera. Kampani ya Michelin inalembetsa tayala la mtundu wa radial mu 1946, ndipo m'kupita kwa zaka matayala okhala ndi mawaya achitsulo pansi pa mapondedwe anafala paliponse. Mawayawo amabunthitsa mpeni, ndipo nsonga zake zikatulukira zimabaya phazi. Masiku ano mmisiri amachita kusakasaka matayala a ulusi a malole, a mathirakitala ndi a njinga zamoto, kapena zidutswa za malamba a makina.

Ufulu, kusowa kwa katundu ndi salaula

Zambia italandira ufulu mu 1964, Fort Jameson anatchedwa Chipata, ndipo boma la Kenneth Kaunda linamanga masukulu ambiri. Yunifolomu, makamaka kusekondale, inkayenda ndi nsapato zakuda, choncho m'badwo wathunthu unakula ndi mapazi ozolowera chikombole. Malamulo a zachuma a ku Mulungushi a mu 1968 anapatsa nzika za Zambia gawo lalikulu la malonda a m'masitolo ang'onoang'ono. Koma mu 1973 malire ndi Rhodesia anatsekedwa, ndipo cha m'ma 1975 mtengo wa kopa unagwa. Ndalama zakunja zinasowa, mafakitale anavutika kupeza zipangizo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 mashelefu ankakhala opanda kanthu. Anthu a ku Chipata anali ndi mwayi wa malire a Mwami, kumene katundu wa ku Mchinji ndi ku Lilongwe ankalowera, mwalamulo ndi mozemba momwe.

Kwa osoka nsapato, zaka zovutazi zinali za ntchito yochuluka. Palibe ankataya nsapato. Soli ikatha ankaika ya tayala, chidendene chikadyeka ankakhomera kachitsulo, chikopa chikabooka ankaika chigamba chochokera ku chikwama chakale. Zida zinali zopanga okha. Chipata ndi tauni ya njinga, ndipo m'zaka zimenezo inali ndi fakitale yake ya njinga ya Luangwa Industries. Sipoko ya njinga, yosongoledwa n'kucheka kangowe kunsonga, inakhala singano yokokera ulusi m'soli, ndipo ikadali chida chachikulu cha ntchitoyi. Pambali pake pamakhala nyundo, mpeni, phula lopaka ulusi, guluu, ndi chitsulo cha miyendo itatu chovekapo nsapato pokhoma misomali.

Boma la Frederick Chiluba litatsegula malonda kuyambira mu 1991, mabelo a salaula anasefukira m'misika, ndipo ku Kapata ndi ku Saturday Market milu ya nsapato zovalidwapo kale inakhala malonda aakulu. Kwa nthawi yoyamba munthu wa ndalama zochepa anatha kuvala chikopa chenicheni chosokedwa bwino. Salaula inasokonezanso chikhulupiriro cha anthu mu nambala. Pa mulu umodzi pamapezeka saizi za ku Britain, za ku America ndi za ku Ulaya, ndipo 8 wa dziko lina si 8 wa linzake. Wogula anasiya kufunsa nambala n'kuyamba kuyesa ndi phazi. Koma nsapato yovalidwapo inaumbika kale pa phazi la munthu wina. Chidendene chinadyeka mbali imene mwini wake woyamba ankapondera, ndipo mkati muli maenje a zala zake. Palinso soli zina zopepuka za polyurethane zimene zimaola ndi chinyezi zikakhalitsa m'nkhokwe. Pogula zimaoneka zatsopano, koma patapita masiku ochepa zimanyenyeka.

Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 kunawonjezekanso nsapato zatsopano zotsika mtengo zochokera ku China, zambiri zomata ndi guluu chabe. Apa panabadwa ntchito imene kale kunalibe, yosokeratu nsapato isanavalidwe. Wogula amachoka pa msika n'kulunjika kwa mmisiri kuti azungulize ulusi m'mphepete mwa soli yonse, podziwa kuti guluu sangapirire mvula ndi kutentha kwa Kum'mawa. Yothina amainyowetsa n'kuikamo chikombole kapena mapepala othinitsa kuti ifutukuke, ndipo yaikulu amaiwonjezera chopondera mkati. Fakitale imapanga, koma womaliza kuigwirizanitsa ndi phazi ndi mmisiri wa pamsika.

Mapazi amene saizi siwadziwa

Kuli anthu amene kwa iwo nsapato yoyeza si nkhani yokongola koma ya moyo. Mishoni ya Seventh-day Adventist ya Mwami, pafupi ndi malire a Malawi, inayamba ntchito ya chipatala m'zaka za m'ma 1920 ndipo inali ndi malo osamalira odwala khate. Khate limapha mitsempha, phazi n'kuleka kumva kupweteka. Dokotala wachingelezi Paul Brand, amene anayamba kugwira ntchito ku Vellore ku India mu 1946, anasonyeza kuti zala ndi mapazi a odwalawa sizingoduka zokha chifukwa cha matendawo. Zimatha chifukwa cha zilonda zimene munthu sazimva: msomali wotulukira mu soli, kamwala, kapena nsapato yothina yopala malo amodzi tsiku lonse. Kuchokera pa ntchito imeneyi kunabadwa nsapato ya odwala khate, yodulidwa motsata phazi la wodwala aliyense, ya mphira yofewa mkati, soli yolimba kunja imene kawirikawiri inali ya tayala, malamba osinthika, ndiponso yopanda msomali ngakhale umodzi. Ndi m'bale wake weniweni wa nkhwayira ya pamsika.

Khate linachepa kwambiri bungwe la World Health Organization litalimbikitsa mankhwala ophatikiza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Vuto lomwelo labwereranso ndi matenda a shuga, amene nawo amachititsa dzanzi kuphazi, moti tuza laling'ono lingathe kufikitsa munthu podulidwa mwendo. Aliponso opuwala ndi poliyo ofuna soli yokwezedwa mbali imodzi, ndi ana obadwa ndi mapazi opindika. Anawa amawongoledwa ndi pulasitala m'njira ya Ponseti, imene zipatala monga Beit CURE ya ku Lusaka, yotsegulidwa mu 2006, zimagwiritsa ntchito, kenaka amavala tinsapato tiwiri tolumikizidwa ndi chitsulo kuti phazi lisabwerere. Mtundu wotsika mtengo wa chipangizochi, umene Michiel Steenbeek anakonza ku Uganda, unapangidwa dala kuti amisiri wamba a chikopa ndi chitsulo azitha kuupanga.

Kumapeto ena a chuma cha dziko, ochita masewera a ndalama zambiri akulimbana ndi funso lomweli. Masewera otsetsereka pamadzi mokokedwa ndi bwato la injini, amene alendo amachita pa nyanja ya Kariba ndi ya Malawi, anayambitsidwa ndi Ralph Samuelson mu 1922 pa nyanja ya Pepin ku Minnesota. Iye anamanga mapazi ake ku matabwa awiri ndi zidutswa za chikopa. Pambuyo pake kunadza zomangira za mphira, kenaka jombo za chigoba cholimba cha pulasitiki, zimene zimagwira kakolo mwamphamvu ndipo zimamasuka ku thabwa munthu akagwa. Chigobacho chimapangidwa m'masaizi ochepa, choncho ena chimawapana zala, ena chidendene chimasewera mkati, ndipo phazi losewera silingawongole bwino thabwa pa liwiro lalikulu. Akatswiri amathetsa vutoli potenthetsa chovala chamkati kuti chiumbike pa phazi lawo, poika chopondera choyezedwa, kapena polipira mtengo waukulu kuti awapangire jombo yawoyawo. Chimene m'busa wa ku Chadiza amachipeza motsika mtengo, kumeneko ndi cha olemera.

Umisiriwu lero

Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo osoka nsapato amapezeka m'misika yonse, pa masiteshoni a mabasi ndi m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika. Ambiri anaphunzira pokhala pambali pa wachibale kapena bwana, kuyamba ndi kupaka polishi ndi kumata, kenaka kusoka. Ntchitoyi yathandizanso anthu ambiri olumala miyendo, poti imagwiridwa chokhala. Nyengo yake yaikulu ndi Januwale, masukulu akamatsegulidwa. Maphunziro aulere a kupulayimale a mu 2002, ndi aulere mpaka kusekondale a mu 2022, anachulukitsa ana ofuna nsapato, ndipo kholo losakwanitsa zatsopano limabwera ndi zakale m'jumbo.

Opanga nsapato yathunthu moyeza ndi ochepa kuyerekeza ndi okonza. Chigawo cha Kum'mawa chili ndi ng'ombe ndi mbuzi zambiri, koma zikopa zambiri zimaonongeka ndi nkhupakupa, minga, mabala a mpeni posenda, ndi kuyanika pansi padzuwa. Zabwino zimapita kumafakitale akutali monga Zamleather, imene imapanganso jombo za antchito za Zamshu, ndipo mmisiri wa ku Chipata amayenera kuitanitsa chikopa chofufuta, soli ndi zikombole kuchokera ku Lusaka kapena kunja. Ambiri amathera pa masandasi achikopa ndi nsapato za sukulu, zimene sizifuna zipangizo zambiri.

Mmisiri wodziwa amayeza munthu ataimirira, chifukwa phazi losenza thupi limatambalala, ndipo amakonda kuyeza dzuwa litapendeka, pamene mapazi atupako ndi kuyenda. Amalemba mapazi onse awiri pa katoni, pensulo itaima chilili. Kenaka amazunguliza tepi kapena chingwe pa mfundo za zala, pa msana wa phazi, ndi kuchokera ku chidendene kufika pa kakolo. Kutsogolo kwa chala chachitali amasiya mpata wa chala chachikulu cha kudzanja. Poti zikombole zimene ali nazo ndi za saizi za fakitale, amasankha choyandikira, n'kumatapo tizidutswa ta chikopa pamene phazi la wogulayo ndi lotambalala kapena lili ndi chotupa, n'kupala mpaka miyeso ya chikombole ifanane ndi ya pa katoni. Chikopa cha pamwamba amachinyowetsa, n'kuchikokera pa chikombolecho, n'kuchisiya tsiku limodzi kapena awiri kuti chigwire maonekedwe ake asanaike soli. Katoniyo amalembapo dzina la mwini phazi n'kuisunga, kuti akadzafuna peyala ina angotumiza uthenga pa foni.